Mkaka Umene Unada M'manja Mwanga

Ndine munthu wamantha, ndipo sindibisa. Ndimaopa njoka, ndimaopa jekeseni, ndimaopa njinga zamoto za mumsewu wa ku Chipata. Koma mantha enieni ndinawadziwa chaka cha njala chija, ndili mayi wamkulu wa imvi kale, ndipo anandidzera kupyolera mwa ana a nkhosa.

Okutobala

Dzinja lapitalo mvula inali itadula chimanga chikungoyamba kumasula. Zimene ndinakolola zinatha mu Ogasiti. Pofika Okutobala nkhokwe yanga inali malo oikiramo mazira a nkhuku, ndipo nkhukuzo nazonso zinali kutha imodziimodzi posinthanitsa ndi chimanga. Meda imodzi ya chimanga, muyezo wa kandowa kakang'ono, imene kale munthu ankagula ndi nkhuku imodzi n'kutsalako chenji, tsopano inkafuna tambala ndi thadzi lomwe.

Ine kwathu ndi kumbali ya Mwami. Ndinakwatiwa kuno, kufupi ndi Mtenguleni, kumene mkazi amatsata mwamuna, ndipo munda, nyumba ndi khola zimakhala za kuchimuna. Amuna anga a Lazalo anali atamwalira chaka chimodzi m'mbuyomo. Anadwala nthawi yaitali, mimba inatupa mpaka malaya osamangika, ndipo kuchipatala anati ndi chiwindi. Mwana wathu mmodzi yekha, Tisa, amagwira ntchito yoluka tsitsi ku Chipata.

Maliro atatha, alamu anga a Fidelisi, akulu awo a malemuwo, anandiitana pamaso pa abale.

"Amake Tisa, ife sitikuthamangitsani," anatero. "Khalani. Muziyang'anira nkhosa za bambo monga ankachitira mng'ono wanga. Nkhosa zili pano, inunso muli pano."

Ndinawomba m'manja kuthokoza, koma mawu omalizawo ndinawamva bwino. Nkhosazo zinali za banja lonse, zosiya apongozi anga. Zinkaphedwa pamaliro, zinkathandiza pa malowolo a anyamata. Zinali zisanu ndi zinayi. Kwathu ku Mwami makolo anatha kalekale, munda anagawana ana a alongo anga, ndipo kubwerera kumeneko kukanakhala kukapempha khonde logonapo. Choncho khola lija ndi limene linkandisunga pamudzi.

Mwezi umenewo kudambo kunali fumbi lokhalokha. Ndinkadzuka m'mamawa kukatola nyemba za mitengo ndi kugwetsa masamba a mango kuti nkhosa zidye. Zinayi zinali ndi bere, koma ukazigwira pamsana unkangomva mafupa. Zinkandiyang'ana osalira, monga imachitira nkhosa, ndipo kusalirako n'kumene kunkandiopsa.

Novembala

Mvula yoyamba inagwa pakati pa mwezi. Tonse tinathamangira kumunda ndi mbewu zochepa zimene tinabisa kuti tisazidye. Ine ndinabzala chimanga kumtunda, nsawa kumunsi, maungu m'mbali mwa chulu. Ndinkabzala mutu ukuzungulira, chifukwa ndinkadya kamodzi patsiku.

Mvula yoyamba siikondera chiweto chofooka. Nkhosa ziwiri zazikulu zinagona m'matope osadzukanso. Kenako imodzi mwa za bere inaswa mapasa, n'kufa tsiku lotsatira, mawere ali gwa, opanda dontho. Ndinatsala ndi tiana tiwiri tonyowa, tikunjenjemera m'dengu pakhonde.

Akazi awo a alamu anga, amake Lute, anabwera kudzaona. Panthawiyo tinali pa ubwenzi, tinkabwerekana mchere ndi sefa.

"Mukudikira chiyani?" anatero. "Tiphikireni phala lamadzimadzi. Mwana wamasiye amakula ndi phala. Kodi ife tinakula ndi chiyani?"

Zinandimvekera zanzeru. Kwathu kuno wodwala timamupatsa phala, mayi wochira kumene phala, mwana amene mayi ake amwalira phala. Ndinatapa ufa woyera umene Tisa ananditumizira, umene ndinkausunga ngati mankhwala, n'kuphika phala losalala bwino. Ndinalisefa pa kansalu, n'kuthira m'botolo la mwana limene ndinabwereka. Tiana tija tinayamwa mwaphuma, timichira tikugwedezeka. Ndinasangalala mpaka ndinaimba nyimbo ya kwaya. Tsiku limenelo ine ndinadya mango ophika okha kuti ufa utsalire ito.

Tsiku lachiwiri tinayamba kutsekula m'mimba. Ndinati mwina phala lachepa, ndinawonjezera. Tsiku lachitatu m'mawa ndinapeza timimba tatupa, tolimba, ukatigogoda tikulira ngati ng'oma. Pofika masana tonse tiwiri tinali titafa.

Amake Lute anaima pakhonde n'kuyang'ana nthawi yaitali. Kenako ananena motsitsa mawu, ngati akudziyankhulira okha:

"Mimba yotere ndinaionapo pa nyumba ino."

Ndinadziwa kuti akunena za amuna anga.

Disembala

Njala inafika pachimake. Anthu ankapita kukalima ganyu ku mafamu a ku Madzimoyo n'kubwera ndi gaga m'kathumba. Mphekesera zinali zambiri kuposa chakudya. Lero mumve kuti chimanga cha thandizo chafika pa sukulu, muthamangeko, mupeze ndi mayina okha akulembedwa. Mawa mumve kuti ku boda, kumalire a dziko, chatsika mtengo, anthu apite, abwere ali chimanjamanja. Banja lina linakhomera chitseko n'kupita ku tauni. Ena anagulitsa malata a padenga mvula ili mkati.

Pakati pa mphekesera zimenezo panalinso yanga. Kuno amati nkhosa ndi nyama yokhwima, ngakhale mphenzi imaiopa. Ndiye nkhosa zikamafa motupa mimba pakhomo pamene mwini nyumba anafanso motupa mimba, anthu safuna wowafotokozera. Palibe anandinena pamaso. Ndinangoona kuti pamaliro a kumudzi woyandikana nawo, amayi anzanga anandilanda mthiko mwaulemu n'kunena kuti, "Inu mwatopa, kangotungani madzi." Kutchalitchi, nthawi yopatsana moni wa mtendere, amene anali pambali panga anapeza chochita ndi mpango wake. Tsiku lina ndinatambasulira amake Lute bango lakupsa la mumtengo wa mango. Anati akhuta. Mu Disembala wa chaka chimenecho, munthu akuti wakhuta!

Nkhosa ina inaswa kamwana kamodzi, inanso kamodzi, patangopita masiku anayi. Amayi a tianato anali moyo koma mkaka unali wongonyowetsa milomo. Alamu anga anabwera n'kundiletsa kuphika phala. Anakwera njinga yawo kupita ku Mwami, ndipo anabwerako patapita masiku awiri, wapansi, atanyamula chitini chachikulu pamutu. Njinga ija, imene ankaipukuta tsiku ndi tsiku ngati mkwatibwi, anali atasinthanitsa ndi chitinicho kwa wamalonda wina wa m'mbali mwa msewu.

Anatsegula pamaso panga. Munali ufa woyera mbee, m'pepala lopanda dzina, wonunkhira mkaka, wotsekemera pa lilime.

"Uwu ndi mkaka weniweni wa kunja, umene amamwetsa ana a ng'ombe m'mafamu akuluakulu," anatero. "Akazi anga azisunga chitinichi, ndipo azikhalapo nthawi zonse mukamamwetsa. Alamu, tiana timeneti tikafanso ndi mkaka uwu, tidzadziwa kuti vuto si chakudya."

Kuyambira pamenepo amake Lute ankabwera katatu patsiku ndi chitini, kutapa okha, ine n'kusungunula ndi madzi ofunda iwo akuyang'ana zala zanga. Ndinkasamba m'manja mpaka khungu kuwawa. Ndinkapemphera Tikuoneni Maria botolo lili kukamwa kwa kamwana. Mkakawo unkandidabwitsa pang'ono, chifukwa ukakhalitsa unkadikha pansi, ndipo madzi akatenthako unkalimba ngati phala. Koma ndikanafunsa ndani? Ndani akananyoza mkaka wogula ndi njinga?

Tiana tija tinatha sabata ndi theka. Tinatsekula m'mimba, tinaonda, kenako timimba tinatupa. Koyamba kanafa Khrisimasi isanafike, kachiwiri tsiku lotsatira Khrisimasi. Mvula ikakuona litsiro sikata.

Januwale

Inatsala nkhosa imodzi ya bere. Inaswa Lachinayi lina m'mawa, kunja kukuwaza, kamwana kakakazi kokhala ndi banga lakuda pakhutu. Mayi wake anali ndi mkaka woyamba uja wachikasu, wochepa, ndipo kanayamwa. Pofika masana mawere anali ataphwa.

Ndinali nditamva pa wailesi, pa pulogalamu ya alimi, kuti mchombo wa chiweto chobadwa kumene uzipakidwa ayodini kuti matenda asalowe. M'nyumba munali kabotolo ka ayodini kotsala pa matenda a amuna anga, kamene ndinkatsukira zilonda zawo za pamsana. Ndinati nthawi ino ndichite chilichonse chimene ndingathe. Amake Lute anali atatapa kale ufa wa m'chitini, ine nditasungunula m'mbale, mbaleyo ili pambali pa bondo langa. Ndinatsegula kabotolo, n'kupaka mchombo. Chotsekera chake chinali chong'aluka, ndipo mankhwala anayenderera m'zala zanga. Nditatambasula dzanja kuti nditenge mbale, madontho awiri anagweramo.

Mkaka unada. Pamene panagwera madonthowo panabuka mtambo wakuda wobiriwira ngati inki, n'kumafalikira mbale yonse ife tikuona.

Amake Lute anakuwa kukuwa kumene sindinakumvepo ngakhale pamaliro. Anataya chitini, manja kumutu, akuthamanga n'kumafuula kuti, "Mayo, mwana wanga! Mayo, ndafa ine!" Anthu anatuluka m'nyumba. Ine ndinangokhala pomwepo, dzanja lili m'mwamba, ndikuyang'ana zala zanga ngati za munthu wina.

Alamu anga anafika, anayang'ana m'mbale, anayang'ana kabotolo.

"Ka ndani aka?"

"Kanali ka ang'ono anu," ndinayankha. Nditangotero ndinazindikira kuti ndadzimangirira ndekha chingwe.

"Lamulungu tikaweruka ku Misa banja likhala pansi," anatero, osakweza mawu. "Muyambiretu kulongedza."

Chimene sindinauzepo anthu ambiri ndi ichi: inenso ndinayamba kudzikayikira. Amati ena amakhala ndi ufiti osadziwa, wopatsidwa ali ana. Ndinakumbukira azakhali anga ena amene anthu ankawanena. Ndinakumbukira kuti amuna anga chakudya chawo chonse chinkadutsa m'manja omwewa. Ndinakhala pakhonde mpaka dzuwa kupendeka, ndikuopa kukhudza ngakhale nkhuku.

Kamwana kaja n'kamene kanandidzutsa, kakulira ndi njala. Mkaka wa m'chitini sindikanaukhudzanso. Ndinakakulunga m'chitenje osakagwira ndi khungu, n'kuwoloka dambo kupita kwa amayi Tembo, mayi wamasiye wa mpingo wina amene amaweta mbuzi ndipo salabadira zonena za anthu. Mbuzi yawo ina inali itafedwa mwana. Ndinawauza zonse, osabisa.

"Ufiti wanuwo muusiye kuseri kwa khola," anatero akuseka. "Gwirani miyendo ya mbuziyi, imaponda."

Lachisanu m'mawa ndinaganiza zokataya kabotolo kaja m'chimbudzi. Ndinakatenga, koma nkhuku inalowa m'nyumba, ndipo pothamangitsa ndinakaika pa lichero limene ndinapetera gaga dzulo lake. Nditakanyamulanso, pa lichero panali mkombero wakuda, wamtundu womwe uja. Manja anga anali asanakhudzepo.

Ndinakhala pansi. Ndinatenga kachidutswa ka chinangwa kamene ndinalandira pa ganyu, n'kudonthezapo ndi kamtengo. Kanada. Ndinadontheza m'madzi, anangofiirira. Pa mchere, palibe chinachitika. Ndinathamanga kuwoloka dambo, chitenje chili m'manja, n'kupempha amayi Tembo kuti akame mbuzi m'chikho. Anadontheza okha. Mkaka unachita kachikasu pang'ono, n'kukhalabe mkaka.

Foni ya Tisa sinkapezeka, chifukwa chaka chimenecho magetsi ku tauni ankabwera ngati mlendo. Ndinamupeza Loweruka masana. Ndinafotokoza ndikulira, mawu akudukaduka.

"Amama, imani," anatero. "Mwati yachita bwanji? Yakuda monga inki? Amama, iyo ni sitachi chabe! Tinaphunzira ku sukulu. Ayodini ikakumana na ufa wa chimanga olo chinangwa imachita tero. Mu chitini umo muli ufa, si mkaka!"

Anayamba kuseka, kenako ndinamva akulira. Anati ndisazimitse foni, n'kuthamangira kwa bambo wina wa zaziweto amene amagulitsa mankhwala pafupi ndi pamene amagwira ntchito. Bamboyo anayankhula nane yekha, mofatsa. Anati mwana wa nkhosa wongobadwa mimba yake imadziwa mkaka wokha. Ufa uliwonse, wa chimanga kapena wa chinangwa, sagaya mpaka patapita masabata angapo. Umangokhala m'mimba n'kuwira ngati mowa, kamwana n'kutsekula, n'kutupa, n'kufa ndi njala mimba ili yodzaza.

"Nanga phala?" ndinafunsa, ngakhale yankho ndinali nditalidziwa kale.

"Phala ndiye loipiratu, mayi."

Safunsa anadya phula. Mapasa aja ndinawapha ndine, ndi ufa umene ndinadzimana. Ndinalira kuseri kwa nyumba, koma kunali kulira kwa munthu amene wabwezeredwa manja ake.

Lamulungu banja linakhala pansi pa mtengo wa mango kwa alamu anga. Analipo abale ngati khumi ndi awiri, ndi azakhali awo a amuna anga amene anachokera ku Madzimoyo. Ine ndinakhala pamphasa ndekha. Ndinkaopa chinthu chimodzi: ndikangochita ndekha zoonetsazo, adzati ndi matsenga ena. Choncho nditapatsidwa mpata ndinaika manja kumbuyo.

"Alamu, ine sindikhudza kanthu," ndinatero. "Ndikupempha amake Lute atenge ufa wa m'nyumba mwawo, umene ine sindinauonepo. Adonthezepo okha mankhwalawa."

Anakana kawiri. Azakhali atawalamula, anabweretsa ufa pa chivundikiro cha poto, n'kudontheza. Ufa unada. Anthu anafuula, ena anaimirira.

Amayi Tembo anali atabwera ndi mbuzi yawo pachingwe. Anakama pamaso pa onse, azakhali n'kudontheza. Mkaka sunade.

"Tsopano chitini," anatero azakhali. "Fidelisi, tapa wekha."

Alamu anga anatapa, anasungunula, anadontheza. Anayang'ana mtambo wakuda uja ukufalikira m'mbale ili m'manja mwawo. Kenako anangoti:

"Njinga yanga."

Wina anaseka, n'kudzigwira pakamwa msanga. Ine ndinafotokoza zimene ananena bambo wa zaziweto, ndipo ndinavomera kuti mapasa oyamba anafa ndi phala langa. Sindinatchule amene anandilangiza. Amake Lute ankangokanda pansi ndi kamtengo.

Ndinkayesa kuti zathera pomwepo, koma mwamuna amene wachita manyazi pamaso pa abale ake sagonja tsiku lomwelo.

"Za ufa tamva," anatero alamu anga. "Koma mng'ono wanga sanamwe za m'chitini. Tione kamwana katsalaka. Kakhale m'manja mwawo. Kakakula, nkhani yatha. Kakatupa mimba, asadikire kuti tiwauze."

Febuluwale

Moyo wanga wonse unakhala pa kanyama kolemera ngati nkhuku. Mvula inagwa yambiri mwezi umenewo, ngati ikubweza ngongole ya chaka chatha, ndipo dambo linadzaza. Katatu patsiku ndinkakabereka kumbuyo ngati mwana, n'kuwoloka madzi ofika m'chiuno kupita kwa amayi Tembo. Mbuzi ija sinkakafuna. Ndinkaipana mutu pakati pa miyendo yanga, amayi Tembo atagwira ya kumbuyo, iyo ikulira ngati tikuipha. M'malo mwa malipiro ndinkawapalira nsawa.

Anthu ankaseka akandiona. "Amake Tisa abereka paukalamba!" Koma ankaseka ali chapatali.

Chakudya changa chinali nkhwani wopanda nsinjiro, bowa, ndi gaga akapezeka. Tsiku lina pakati pa dambo maso anachita mdima, ndinagwada m'madzi. Chimene ndinaganiza si kumira kwanga, koma kuti kamwana kanyowa. Ndinakwawa mpaka kutsidya nditakakweza paphewa.

M'mawa uliwonse ndisanachite china ndinkakagwira pamimba. Ndinkayang'ana kumbuyo kwake ngati kwauma. Kakayetsemula, ndinkathamanga kukakaona. Kakagona nthawi yaitali, ndinkakadzutsa. Tisa ankaimba akapeza magetsi, n'kumati ndingosiya zonse ndipite ku tauni. Ndikakhale kuti, m'kachipinda kamodzi kamene amagona atsikana atatu? Ndiponso ndikanachoka, ndikanasiya dzina lotani pamanda a amuna anga?

Kumapeto kwa mwezi, malole odzaza anthu akudutsa kupita ku mwambo wa Ncwala, ndinalowa m'khola m'mawa n'kukapeza kali chigonere, mimba kumanzere itatukuka. Ndinagwada, n'kuyamba kuwerenga m'mutu zimene ndinyamule: mapoto awiri, bulangeti, chithunzi cha ukwati. Ndinatambasula dzanja kuti ndigogode pamimbapo, ndikudziwa kale kulira kwa ng'oma kumene ndimve.

Panali pofewa. Kamwana kanandiyang'ana, kanageya, n'kuyamba kutafuna pang'onopang'ono, chibwano chikupita uku ndi uku. Kanali kakubzikula. Dzulo lake kanali katadya msipu wanthete pambali pa mayi wake, ndipo mimba ija inali ya kukhuta. Ndinakhala m'ndowe momwemo, ndi chitenje cha kutchalitchi, mpaka dzuwa linakwera.

Malichi

Maungu anayamba kupsa, ndipo m'mudzi munayambanso kumveka phokoso la ana. Kamwana kaja kanasiya kuyamwa. Ndinayamba kukapatsa gaga pang'ono m'dzanja, ndipo tsopano sikanavutike naye. Chovuta chinali chimodzi: kankakana kuyenda ndi nkhosa zinzake. Ukangotsegula khola, iko kathamangira kutsidya kwa mbuzi za amayi Tembo, n'kumayesa kukwera pachulu ngati mbuzi, n'kumagwa.

Alamu anga ankadutsa pakhola popita kumunda, wapansi. Ankaima, kuyang'ana, n'kupitirira. Sananene kuti nkhani yatha. Sananenenso kuti ndichoke. Katundu amene ndinamanga mu Januwale anali chimangire pakona, chifukwa ndinkaopa kuti ndikamasula ndiputa tsoka. Moni anthu anayambanso kundipatsa, koma chakudya cha m'manja mwanga panalibe amene anali atachilandira.

Epulo

Chimanga chinacha bwino chaka chimenecho. Tsiku lina masana ndinali pakhonde, nditaphika chimanga chachiwisi ndi maungu, ndikudya ndekha monga ndinazolowera. Ndinaona amake Lute akubwera, atabereka mdzukulu wawo, mwana wa Lute, amene mayi wake anamusiya kwa iwo popita kukafuna ntchito. Chiyambire tsiku la mbale lija anali asanapondepo pakhomo panga. Anaodira, ndinawapatsa mphasa. Tinakambirana za mvula, za nsawa, za mtengo wa thonje. Kenako anayang'ana kukhola.

"Amake Tisa," anatero, "tsiku lija ndinakuwa, mukudziwa chifukwa chake?"

"Munaona zoopsa."

"Mkaka wa m'chitini uja ndinkatapako." Mawu awo anali ang'ono. "Tsiku lililonse, supuni ziwiri, kumwetsa mwana uyu. Kunyumba kunalibe kanthu. Alamu anu sadziwa mpaka lero. Nditaona mbale yada, ndinati ndamupha ndi manja anga. Ndiye ndinafuna kuti akhale inu. Mukanakhala inu, sindikanakhala ine."

Ndinamuyang'ana mwanayo. Anali wonenepa masaya, akukoka mpango wa agogo ake. Iye anali wamkulu kale, wodya phala, ndipo ufa wa m'chitini uja mwina ndi umene unamuwolotsa Januwale. Ndinafuna kukwiya. Ndinali nditasunga mawu ambiri miyezi itatu, okonzeka bwino, akuthwa. Koma ndinakumbukira mmene ndinayang'anira zala zanga tsiku lija, ndipo mawuwo sanabwere.

"Phala lija munandiuza ndinu," ndinatero. Zinangotuluka zimenezo.

"Ndikudziwa. Ndipo simunanditchule."

Kutsidya kwa dambo amayi Tembo ankakalipira nkhosa yanga kuti ichoke pa mbuzi zawo.

Ndinatenga chimanga chimodzi m'mbale, n'kuchithyola pakati. Ndinatsala pang'ono kuchiika pamphasa kuti atole okha, ndisachitenso manyazi a bango lija. Koma ndinatambasula.

Amake Lute analandira ndi manja awiri. Analuma, anatafuna, anameza ine ndikuona. Kenako anakokola njere zingapo ndi chala, kuzitafuna pang'ono, n'kumuika mdzukulu wawo m'kamwa.

"Mchere wachepa," anatero.

Madzulo a tsiku limenelo ndinamasula katundu wanga, n'kubwezera mapoto pa malo ake.